Za Nyumba ya Mdadada ya ku Mbungo, ndi Kumene Mmisiri Wake Anaphunzira

Alendo ofika pa chilumba chathu cha Likoma, akangotsika m'sitima ya Ilala, ayamba ndi kufunsa njira ya ku Chipyela, kuti akaone tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera; ndipo achita bwino, pakuti m'dziko lonse la Malawi nyumba zofanana nacho n'zowerengeka. Koma ine lero ndifuna kukutengani, inu owerenga, tipite kuno kwathu ku Mbungo, kumene kuli nyumba ina yaing'ono imene mlendo saifunsa. Ndiyo nyumba ya miyala ya makomo atatu pansi pa denga limodzi, imene agogo a atate anga anamanga, ndipo pa banja pathu pabuka mlandu wakuti tiigwetse kapena tiisunge. Ndilemba mbiri yake chifukwa ndidziwa kuti mlandu wotere uli pa mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja muno, ndipo munthu sangauweruze bwino asanadziwe kumene nyumba zotere zinachokera.

Za dzina lake

Nyumba yotere tiitcha mdadada. Mawuwa anena za zinthu zondandalikana pa mzere umodzi, china pambali pa chinzake. Ali m'gulu la mayina a mtengo ndi mitengo, mudzi ndi midzi. Chifukwa chake tinena mdadada uwu, midadada iyi, mdadada wautali, midadada yaitali. Masiku ano m'makomboni a m'tauni, monga ku Ndirande ndi ku Kawale, munthu akati akhala pa mdadada, atanthauza nyumba yaitali yogawidwa m'zipinda zochitira lendi, banja lililonse ndi khomo lake. Ndipo popeza zambiri za nyumba zimenezo zimangidwa mofulumira ndi mosasamala, dzinali lapeputsidwa m'makutu mwa anthu. Tsono ndipempha kuti muyambe mwaika pambali kupeputsako, kufikira mutamva nkhani yonse.

Mmene makolo ankamangira

Makolo athu sankamanga midadada. Nyumba yawo inali yozungulira, ndipo mkazi aliyense wokwatiwa anali ndi yakeyake, ndi moto wake ndi mafuwa ake. Anyamata ndi atsikana osinkhuka ankagona kugowelo. Amuna ankazika nsichi, namanga bango kapena nsungwi ndi luzi. Akazi ankamata dothi ndi kuzira pansi. Denga ankalimangira pansi, ndipo likatha ankaitana amuna a m'mudzi kuti alinyamule pamodzi ndi kulikhazika pa chipupa. M'menemo ndimo munachokera mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga.

Nyumba yotere sinkakhala zaka zambiri, pakuti chiswe ndi mvula zinkaidya. Kuwonjezera apo, mwa Achewa ndi Amang'anja munali mwambo wakuti munthu wamkulu akamwalira, nyumba yake ankaigwetsa maliro atatha. Chikumbutso cha munthu chinkakhala kumanda, ndi m'dzina limene mdzukulu ankalowa, ndi m'nthano za madzulo, m'makoma munalibe. Mwambowu unali wanzeru pa nthawi yake, pakuti nyumba ya mitengo ndi dothi munthu aimanganso m'masabata owerengeka. Koma zindikirani ichi, chifukwa ndiwo mutu wa nkhani yanga: makolo anatisiyira mwambo wa kugwetsa nyumba, koma mwambo wa kusunga nyumba yokhalitsa kuposa mwini wake sanatisiyire, popeza nyumba yotere iwo analibe.

Kufika kwa mishoni

Pa 4 Disembala 1857 David Livingstone analankhula kwa ophunzira a ku Cambridge, nawadandaulira za malonda a akapolo. Ndipo mawu akewo anabala mishoni yotchedwa Universities' Mission to Central Africa. Bishopu woyamba, Charles Mackenzie, anamanga ku Magomero mu 1861, namwalira ndi malungo kumayambiriro a 1862. Mu 1864 Bishopu Tozer anasamutsira ntchitoyi ku Zanzibar, kumene pambuyo pake Bishopu Steere anamanga tchalitchi chachikulu pamalo pamene panali msika wa akapolo. Kuchokera kumeneko William Percival Johnson anayenda pamtunda kufikira kunyanja kuno. Mnzake Charles Janson anamwalira m'mbali mwa nyanja mu 1882, ndipo sitima yoyamba ya mishoni inatchedwa dzina lake. Mu 1885 mishoni inakhazikika pa Likoma, ndipo Chauncy Maples anadza kudzaiyang'anira.

Nyumba zoyamba za amishoni zinali zofolera ndi udzu monga zathu. Mu 1892 moto unatentha zambiri mwa izo, ndipo tsokalo linawaphunzitsa kuti pa chilumba chosowa mitengo koma chodzala ndi miyala, nzeru ndiyo kumanga ndi mwala. Maples sanaone kutha kwa ntchitoyo: anadzozedwa ubishopu mu 1895, ndipo pobwerera kuno anamira m'nyanja pa 2 Seputembala chaka chomwecho, naikidwa ku Nkhotakota.

Sukulu ya pa Chipyela

Malo amene mishoni inapatsidwa atchedwa Chipyela. Dzinali lichokera ku mneni kupsa, amene ife a kunyanja titchula kuti kupya. Pakuti pamenepo ndipo ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Monga ku Zanzibar anamanga guwa la nsembe pa msika wa akapolo, momwemonso kuno anasankha malo a imfa kuti pakhale nyumba ya mapemphero.

Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko mu Januwale 1903. Wolemba mapulani ndi woyang'anira ntchito anali Frank George. Pa 29 Seputembala 1905 tchalitchi chinatsegulidwa, ndipo Bishopu Cathrew Fisher anachipatula mu Novembala 1911. Kutalika kwake kuposa mapazi 300, ndipo chinamangidwa m'maonekedwe a mtanda. Miyala inaswedwa pa chilumba pompano. Zinthu zosapezeka kuno, monga malata ndi magalasi, zinachokera ku England pa sitima zapanyanja, n'kulowera pa doko la Chinde, n'kukwera Zambezi ndi Shire kufikira kunyanja. M'katimo muli mipando ya oimba yosemedwa pa mwala wofewa, muli mazenera a magalasi amitundumitundu, mulinso mtanda wosemedwa ndi thabwa la mtengo wa kwa Chitambo, kumene Livingstone anamwalira mu 1873. Pambali pake pali khonde lalitali la zipilala, lozungulira bwalo la m'kati.

Zonsezi alendo aziona, nazilemba m'mabuku awo. Chimene sachiona kawirikawiri ndi chakuti ntchito ya pa Chipyela inali sukulu. Mzungu mmodzi sakadatha kukweza makoma otere ndi manja ake awiri. Anaphunzitsa anthu a pa chilumba ndi a kutsidya kusema mwala kuti ukhale ndi nkhope yosalala, kuwongola khoma ndi chingwe cholendewera, kulumikiza ngodya kuti mzere wa pamwamba utseke mpata wa mzere wa pansi, ndi kupinda njerwa pamwamba pa khomo ngati uta kuti zisenze katundu popanda mtanda wa mtengo. Tchalitchi chitatha, amisiriwo sanaiwale. Ena anapita kukamanga matchalitchi ndi masukulu m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Ena anabwerera kwawo ndi nzeruyo m'manja, namanga nyumba za abale awo.

Nyumba ya makomo atatu

Agogo a atate anga anali mmodzi wa otsirizawo. Pa banja pathu asimba kuti anayamba ali mnyamata, wosenza miyala pamutu ndi kuponda dothi. Kenaka mmisiri wina wamkulu anamuika pambali pake, namuphunzitsa kumanga. Atakula anatsata anzake ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, pakuti amuna a pa Likoma, pokhala odziwa kulemba ndi kuwerenga, ankapeza ntchito kumeneko ndi ku Joni. Kumeneko anaona malaini a antchito, zipinda zogundana makoma pansi pa malata amodzi. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha anabwera kwawo ndi kandalama, napeza alongo ake atatu akhala m'nyumba zodontha. Iye ndiye anali mwini mbumba, tsono anawamangira.

Ana anga a sukulu ndimawapatsa masamu awa. Nyumba zitatu zoima pazokha, iliyonse ya makoma anayi, zifuna makoma 12. Mukazigundaniza pa mzere umodzi, kutsogolo kukhala makoma atatu, kumbuyo atatu, opingasa anayi; onse pamodzi ndiwo 10. Makoma awiri apulumuka, ndipo amene anasenzapo mwala kuchokera kuphiri adziwa kuti makoma awiri si chinthu chaching'ono. Denga limodzi lalitali lifunanso mitengo yochepa kuposa madenga atatu, ndipo pa Likoma, pamene pachuluka milambe ndi mango, mitengo ya phaso inkadza pa bwato kuchokera kutsidya la Mozambique. Malo olima nawo ndi ochepa pa chilumba chino, kotero kuti nyumba zothithikana zinasiyira chinangwa malo.

Koma nkhalambayo sanangotengera malaini a ku migodi. Anadziwa kuti mkazi wa Chinyanja salola kugawana mafuwa ndi mnzake, ngakhale akhale mbale wake wa bere limodzi. Chifukwa chake mlongo aliyense anam'patsa khomo lake, chipinda chochezera ndi chogona, ndi kakhitchini kake kuseri. Pakati pa banja ndi banja sanaboole khomo. Kutsogolo kokha ndiko anamanga khonde limodzi lochokera kumapeto kufikira kumapeto, pamene alongowo ankasinja, kusoka ndi kulera ana pamodzi. Makoma ndi ochindikala ngati mkono wa munthu wamkulu kuyambira pachigongono, omangidwa ndi dothi la pachulu, kotero kuti m'nyengo yotentha ya Okutobala m'kati mumazizira. Pamwamba pa khomo lililonse pali uta wa njerwa, ndipo amene aima pa khonde la ku Chipyela n'kudzaima pa khonde lathu aona kuti dzanja linaphunzira kumodzi.

Tsono m'nyumba imodzi iyi muwerengamo zinthu zitatu: umisiri wa pa mishoni, ulendo wa amuna athu ku maiko a kumwera, ndi mwambo wa mbumba. Mabuku a mbiri asunga mayina a mabishopu ndi tsiku limene aliyense anafika. Koma mayina a osema miyala ndi ochepa amene analembedwa. Mboni yawo yotsala ndiyo makoma amene anamanga.

Zimene a maiko ena anaphunzira

Ku England, kwawo kwa amishoni aja, midadada ndiyo nyumba za anthu ambirimbiri a m'mizinda. Ilipo ya olemera, monga Royal Crescent ya ku Bath, nyumba 30 zogundana pa mzere wopindika, imene inayamba kumangidwa mu 1767. Imeneyo palibe anakayika za mtengo wake. Koma inaliponso ya antchito a m'mafakitale, yogundana cham'mbali ndi kumbuyo komwe, yopanda podutsa mphepo, yodzala matenda. Mu 1909 boma linaletsa kumanganso nyumba za mtundu umenewo, ndipo m'zaka zotsatira nkhondo yachiwiri mizinda inagwetsa zikwi zambiri. Pambuyo pake anthu a mumzinda wa Birmingham anadzidzimuka poona kuti mwa mabwalo onse a nyumba zotere latsala limodzi lokha, ndi kuti adzukulu sadzadziwa mmene agogo awo ankakhalira. Analikonza bwalolo, ndipo bungwe la National Trust linalitsegulira anthu mu 2004.

Kufupi ndi kwathu kuno, chilumba cha Ilha de Moçambique chinalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 1991 pa mndandanda wa malo a chuma cha anthu onse; ndipo analemba chilumba chonse, mbali ya nyumba za miyala za Apwitikizi pamodzi ndi mbali ya nyumba za anthu wamba zofolera ndi masamba a kokonati, zimene eni ake azitcha macuti. Anazindikira kuti mzinda wa mabwana sumveka bwino popanda mudzi wa amene anaumanga.

M'Malawi muno tasunga nyumba zina zakale: Mandala ya ku Blantyre ya 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene David Clement Scott anamanga ndi anthu ake kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi Stone House ya Robert Laws ku Livingstonia. Tili ndi lamulo la 1990 lotchedwa Monuments and Relics Act, lopatsa boma mphamvu yoteteza zinthu zakale. Koma taonani kuti nyumba zonse ndatchulazi ndi za makampani ndi za amishoni. Nyumba ya mmisiri wa m'mudzi ilibe woilankhulira, kupatula adzukulu ake.

Mlandu wa pa banja

Gogo wotsiriza wokhala pa khomo lapakati anamwalira chaka chatha. Maliro atatha tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo msuweni wanga wina, amene agwira ntchito ku Mzuzu, anati: "Achimwene, nyumbayi yatha ntchito. Mazenera ake ndi ang'ono, denga lidontha, ndipo ana athu achita nayo manyazi. Tiyeni tiigwetse, timange ya mabuloko a simenti, tizilandira lendi kwa antchito a boma." Mawu akewo sindinawapeputse. Chiyambire 1999, pamene Likoma inakhala boma palokha, ofuna nyumba za lendi achuluka, ndipo pa banja pathu pali ana amasiye ofuna fizi. Ndiponso n'zoona kuti m'katimo muli mdima, ndi kuti si nyumba yakale iliyonse iyenera kusungidwa. Ina yang'ambika kufikira pa maziko, ndipo kugona m'menemo ndi kuika moyo pachiswe.

Azakhali athu, amene akhala pa khomo la kumapeto, anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati: "Mwanawe, ukagwetsa pakatipo, khoma langa litsamira chiyani?" Pamenepo tonse tinaona chimene sitinachiganize. Pa mdadada palibe amene angagwetse gawo lake osagwetsa la mnzake, pakuti khoma lopingasa ndi la mabanja awiri, ndipo mtanda wa denga ndi wa onse atatu. Kaya nkhalamba ija inachita dala kaya iyayi, inamanga mbumba yake m'njira yakuti mlandu wa nyumba uzikambidwa ndi onse pamodzi.

Tinaitana mmisiri wa kuno kuti aiyese. Anagogoda makoma, nayang'ana maziko, napeza kuti mwala uli wamphumphu, ndi kuti chovunda ndi phaso la pakati ndi malata asanu ndi limodzi. Tinawerengera, ndipo tinapeza kuti kukonza denga ndi kukuza mazenera a kumbuyo kudya ndalama zochepa kwambiri kuposa kumanga yatsopano, popeza thumba lililonse la simenti lifika kuno pa sitima, ndipo mtengo wake ukwera ndi ulendowo. Tinapangana kuti tikonze denga mvula isanagwe, khomo lapakati tichititse lendi, ndalama zake zipite ku fizi ya ana, ndipo nkhani ya kugwetsa tidzaikambenso pakapita zaka zitatu. Msuweni wanga anavomera, ngakhale mtima wake sunakhutire kwenikweni. Ndipo sindinganene kuti mlandu watheratu.

Malangizo kwa okhala ndi nyumba zotere

Kwa abale amene muli ndi nyumba ya miyala kapena ya njerwa yosiyidwa ndi makolo, ndipereka malangizo awa, amene ena ndawamva kwa amisiri, ena ndawaona ndi maso.

Choyamba, yambani ndi denga. Khoma lomangidwa ndi dothi likhala zaka zambirimbiri likakhala louma, koma madzi akalowa pamwamba pake, dothi lisungunuka ndipo miyala imasuka m'nyengo ziwiri kapena zitatu za mvula.

Chachiwiri, musafulumire kumata simenti pa khoma lakale. Dothi ndi laimu zilola chinyezi kutuluka. Simenti ichitsekera m'kati, ndipo khoma livunda mobisika pamene kunja lioneka lokongola. Pokonza, bwezerani chimene mmisiri woyamba anagwiritsa ntchito.

Chachitatu, kumbani ngalande yopatutsa madzi ku maziko, ndipo zulani timitengo tomera m'ming'alu tisanakule, makamaka kachere, pakuti mizu yake ing'amba mwala.

Chachinayi, musaisiye yopanda munthu. Nyumba yokhalamo anthu kudontha kwake kuoneka tsiku lomwelo. Yotsekedwa igwa mwakachetechete.

Chachisanu, lembani. Funsani okalamba amene akali moyo kuti anamanga ndani, anaphunzira kwa yani, miyala anaitenga kuti, ndi amene anabadwira m'chipinda chilichonse. Yesani kutalika ndi kufupika kwa makoma, mujambule papepala. Aphunzitsi anzanga, ntchito iyi ana a sukulu aikonda, ndipo aphunziramo masamu ndi mbiri pa nthawi imodzi. Ngakhale nyumbayo idzagwe, pepalalo lidzatsala.

Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tchalitchi cha pa Chipyela chili ndi dayosizi yochiyang'anira, ndi abwenzi a kutali ochikumbukira. Koma midadada ndi tinyumba ta miyala ta m'midzi yathu, ku Mbungo, ku Nkhwazi, ku Makulawe ndi kutsidya, tili m'manja mwa mabanja okha. Ngati wina mwa owerenga adziwa nyumba yomangidwa ndi mmisiri wophunzira pa Chipyela, alembe mbiri yake ndi kuitumiza kwa mkonzi wa kalata ino, kuti tisonkhanitse mayina a amisiriwo okalamba owadziwa asanathe.

Ndatha ine,
Mphunzitsi wa ku Mbungo.